Ku Kumasi usakafune makoma, ukakhale pabwalo

Bambo wina amene ndinakhala naye mpando umodzi m'basi yochokera ku Kumasi kupita ku Accra, m'dziko la Ghana, anandiuza mosapsatira kuti wataya ndalama zake. Ulendowo ndi wa makilomita pafupifupi 250, ndiye nthawi yodandaula anali nayo yokwanira. Anali atamva kuti Kumasi ndi mzinda wa mafumu a Asante, mzinda wa golide, ndipo asananyamuke n'komwe anali atamanga kale m'mutu mwake nyumba zazitali zamiyala, zipata zachitsulo ndi makoma a zaka mazanamazana. Atafika anapeza misewu yothinana ndi magalimoto, mahutala, fumbi, msika wa Kejetia umene sudziwika poyambira ndi pothera pake, komanso nyumba yakale yachifumu ya Manhyia imene kukula kwake sikusiyana kwenikweni ndi nyumba za mabwana achitsamunda zomwe timaziona ku Zomba. Anati masiku awiri amene anakhalako anachita kuchuluka.

Bamboyo sananame. Zonse zimene anatchulazo nanenso ndinaziona. Koma sindinagwirizane naye tsiku limenelo ndipo mpaka lero sindigwirizana naye, chifukwa muyeso umene anatenga unali wobwereka. Tinazolowetsedwa kuti mzinda wachifumu timaudziwa ndi miyala yake, ngati Edinburgh kapena Kraków ku Ulaya, kumene mlendo amagula tikiti, kukwera masitepe, kuona chipinda chimene munkagona mfumu imene inafa kalekale, n'kumapita. Kumasi samayendedwa choncho. Ufumu wake sunasamuke n'kusiya bwinja loti anthu azilionera. Mwini wake alipo, amakhala pabwalo, amaweruza milandu, ndipo amene wapita kumeneko wapita pakhomo pa munthu.

Tiyambe ndi makomawo, chifukwa kusowa kwake ndi mbali ya nkhani. Analipo. Thomas Bowdich, nthumwi ya Angerezi imene inafika ku Kumasi mu 1817, anapeza misewu yotakata yosesedwa bwino, nyumba zozokotedwa maluwa pazipupa, ndi akuluakulu ovala golide wolemera kwambiri mwakuti ena ankatsamiritsa mkono pamutu pa mnyamata. Mfumu Osei Bonsu inamangitsa nyumba yamiyala yotchedwa Aban, imene inatha mu 1822, ndipo m'menemo inkasungamo chuma ndi mphatso zochokera kumaiko akutali. Mu February 1874 asilikali a Britain motsogozedwa ndi Sir Garnet Wolseley analowa mumzindawo, mfumu Kofi Karikari itachoka. Anafunkha za m'nyumba yachifumu, nyumbayo n'kuiphulitsa ndi wonga, mzinda n'kuutentha. A Asante mpaka pano nkhondoyo amaitcha Sagrenti, dzina la mkulu wa asilikaliyo monga linkamvekera m'makutu mwawo. Ngati kuti kuotcha sikunakwane, anawalamulanso kulipira golide wokwana maaunsi 50,000, amene kulemera kwake kumaposa tani imodzi.

Mu 1896 anabweranso, ndipo m'gulu lawo munali Robert Baden-Powell, yemwe uja anadzayambitsa bungwe la masikauti. Mfumu Prempeh I inasankha kusamenya nkhondo pofuna kupulumutsa anthu ake, komabe inamangidwa pamodzi ndi mayi ake ndi nduna zake, n'kutengedwa kupita ku Elmina, kenako ku Sierra Leone, mapeto ake ku zilumba za Seychelles, kutsidya lino la Africa. Pakati pa mzindawo Angerezi anamangapo linga lawo, lomwe lero ndi nyumba yosungiramo mbiri ya asilikali a Ghana. Ndiye munthu akamadandaula kuti ku Kumasi kulibe zakale, adziwe kuti akudandaulira anthu amene anaotcheredwa nyumba kuti bwanji alibe nyumba yoti amuonetse. Ine ndimaona kuti mlendo amene waima pakhomo la lingalo n'kuzindikira kuti chimodzi mwa zomanga zakale kwambiri mumzinda wa mafumu ndi linga la amene anagonjetsa mafumuwo, waona kale chinthu chachikulu.

Pali chinthu chimodzi chimene Angerezi anachifuna osachipeza. A Asante amati m'masiku a mfumu Osei Tutu, amene analumikiza maufumu awo n'kugonjetsa a Denkyira mu 1701, wansembe Okomfo Anokye anaitanitsa mpando wagolide kuchokera kumwamba, ndipo unatsika tsiku Lachisanu. N'chifukwa chake umatchedwa Sika Dwa Kofi, pakuti Kofi ndi dzina la mwana wamwamuna wobadwa Lachisanu. Mpandowo sakhalira munthu, ngakhale mfumu imene. Sugunda pansi, ndipo ukatuluka umaikidwa pampando wakewake, chifukwa amakhulupirira kuti muli mzimu wa mtundu wonse, amoyo, akufa ndi osabadwa. Mu March 1900 bwanamkubwa Sir Frederick Hodgson anafika ku Kumasi, n'kusonkhanitsa mafumu, n'kufunsa chifukwa chimene sanamubweretsere mpandowo kuti akhalepo. Yankho linachokera kwa mayi wachikulire, Yaa Asantewaa, mfumukazi ya ku Ejisu, amene anatsogolera nkhondo ndipo bwanamkubwayo anatsekeredwa m'linga lake lomwe lija kwa miyezi. A Asante anagonja, Yaa Asantewaa anatumizidwa ku Seychelles kumene anamwalira mu 1921, dziko lawo linalandidwa mu 1902, koma mpando unabisidwa ndipo sunapite ku London.

Mlendo wamba mpandowo sadzauona. Umatuluka pa miyambo ikuluikulu yokha, mwina patapita zaka. Ndinamva anthu ena akuti zimenezi n'kumana alendo chinthu chimene abwerera. Ine ndimati ndi bwino choncho. Anthu anafera mpando umenewo, ndipo sanaufere kuti udzakhale m'galasi kuyambira 9 koloko mpaka 5 koloko.

Nyumba yaing'ono ija imene inakhumudwitsa mnzanga wa m'basi nayonso ili ndi mbiri yake. Prempeh I analoledwa kubwerera kwawo mu 1924, atatha zaka 28 kunja. Angerezi anamanga nyumba ya Manhyia mu 1925 kuti azikhalamo, ndipo ofotokozera alendo pamenepo amanena monyadira kuti mfumuyo sinalowemo mpaka anthu ake atasonkha ndalama n'kuilipira, kuti isadzatchedwe mphatso ya atsamunda. Ufumu wa Asante unavomerezedwanso mu 1935 m'nthawi ya Prempeh II. Nyumbayo inasanduka myuziyamu mu 1995, ndipo mkati mwake muli mipando, ng'oma, malupanga, ziwiya za tsiku ndi tsiku ndi zifanizo za mafumu zazikulu ngati munthu. Ola limodzi kapena awiri amakwana. Amene wathera pamenepo n'kubwerera kuhotela ali ndi chifukwa chonenera kuti Kumasi ndi wochepa.

Koma kalendala ya a Asante imazungulira masiku 42, ndipo pa masabata asanu ndi limodzi alionse pamakhala Lamulungu lotchedwa Akwasidae. M'mawa wake mfumu ndi akuluakulu amalowa m'nyumba mosungidwa mipando yopakidwa zakuda ya mafumu amene anapita, kukathira nsembe ya chakudya ndi chakumwa. Kumeneko mlendo salowako, ndipo palibe amene amapepesa chifukwa cha zimenezo. Kenako mwambo umatulukira pabwalo la Manhyia, ndipo apa aliyense amaloledwa. Mafumu aang'ono amafika mmodzimmodzi, aliyense ndi gulu lake, pansi pa maambulera akuluakulu amene onyamula ake amawavinitsa m'mwamba ndi pansi motsatira ng'oma. Pamakhala ng'oma zazitali za fontomfrom, ng'oma ziwiri za atumpan zimene zimayankhula mawu a Chitwi, chiyankhulo cha a Asante, omveka kwa eni ake, malipenga a minyanga, onyamula malupanga a zigwiriro zagolide, ndi olakatula amene amatchula maina a makolo. Asantehene, mfumu yaikulu ya a Asante, amene lero ndi Otumfuo Osei Tutu II, amene analongedwa mu 1999, akakhala pansi anthu amayamba kubwera kudzalonjera.

Apa ndi pamene ndinasiya kudziona ngati munthu wakutali. Mwamuna akamayandikira mfumu amatsitsa nsalu paphewa, n'kuvula nkhwayira, n'kuwerama. Ndinaona amuna onenepa, ooneka kuti Lolemba amakhala m'maofesi ozizira n'kumalamula anthu, ataima chosavala nsapato kudikira nthawi yawo. Munthu sayankhula ndi mfumu mwachindunji. Mawu amadzera kwa okyeame, mneneri wa mfumu, amene amagwira ndodo yokutidwa ndi golide, ndipo pamwamba pa ndodoyo pamakhala chosema chonena mwambi. Chimodzi chodziwika ndi dzanja logwira dzira: ulamuliro ukaufinya umasweka, ukaulekerera umagwa. Popereka moni kwa anthu okhala pamzere umayambira kudzanja lamanja, ndipo dzanja lamanzere supatsira kapena kulozera munthu. Amene akufuna kukaonekera kwa mfumu sapita chimanjamanja, amanyamula botolo la mowa wa schnapps kapena kenakake. Mchewa aliyense amene anaperekezapo malume ake kubwalo la mfumu, n'kuona nkhani ikudzera kwa nduna ngakhale mfumuyo ili pomwepo ikumva, safunika kumufotokozera zimenezi.

Kufanana kwake kumapitirira pamenepo. Ufumu wa Asante umayenda kuchikazi. Mwana wa mfumu salowa ufumu wa bambo ake. Amene amatchula dzina la woyenera kulongedwa ndi Asantehemaa, mfumukazi ya m'banja lachifumu la Oyoko, imene ili ndi bwalo lakelake, ndipo Osei Tutu II ndi mwana wa mfumukazi Afia Kobi Serwaa Ampem II. Alendo a ku Ulaya amene ndinali nawo pafupi ankafunsa kawirikawiri kuti amvetse, koma ife amene tikudziwa malo a Nyangu pa ufumu wa Kalonga, ife amene timati mwini mbumba ndi malume, tinangogwedeza mutu. Chimenechi chokha chinandipatsa chifukwa chonenera kuti munthu wa kwathu ali ndi mwayi ku Kumasi umene mzungu alibe, ngati sausiya pabwalo la ndege.

Ndikutero chifukwa ambiri timausiya. Tikangovala chipewa cha munthu wodzaona malo, timaiwala zonse zimene anatiphunzitsa agogo. Pa Akwasidae imene ndinakhalapo, mnyamata wina wa kuno ku Africa komwe, osati mzungu, anadutsa pakati pa bwalo gulu la mfumu ina likulowa, anafulatira akuluakulu onse, n'kukweza foni m'mwamba kuti adzijambule ambulera ikuoneka kumbuyo kwake. Mmodzi wa osunga bwalo anamugwira pamkono mwaulemu n'kumubwezera kumbali. Palibe anakalipa, koma amayi amene ndinakhala nawo pafupi anayang'ana pansi, ndipo manyazi ake anandigwira ine. Mnyamata yemweyo sangachite zimenezo ku Mkaika pa Kulamba, pamaso pa Kalonga Gawa Undi, chifukwa akudziwa kuti pali azakhali ake amene akumuona. Chinamupatsa mphamvu ndi maganizo akuti walipira ndege ndi hotela, ndiye zonse zimene zili patsogolo pake ndi zoonetsa.

Sizoonetsa. Mwambowo ukanachitika ngakhale pakanapanda mlendo ndi mmodzi yemwe. Bwalo lomwelo masiku ena limazenga milandu ya malo ndi ya ufumu, ndipo mfumu yolakwa imavulidwa nkhwayira kuti mapazi ake agunde dothi, ufumu n'kuthera pomwepo. Osei Tutu II ndiye anatsogolera gulu la mafumu limene linayanjanitsa mabanja awiri achifumu a ku Dagbon, kumpoto kwa Ghana, mpaka mfumu yatsopano inalongedwa mu 2019 patatha zaka zambiri za mkangano wokhetsa magazi. Ghana ndi dziko la mavoti, lili ndi pulezidenti ndi nyumba ya malamulo, koma ofuna mipando yandale amadziwa njira ya ku Manhyia. Munthu amene akukhala pansi pa ambulera uja ali ndi ntchito, ndipo anthu akumugwadirawo akudziwa chimene akugwadira.

Pali zinthu zimene anganditsutse nazo munthu, ndipo zina mwa izo ndi zolemera.

Wina anganene kuti mawu akuti mwambo ndi anthu amasanduka pobisalira pa ulesi wosasamala zakale. Akunena zoona. Kunja kwa Kumasi kuli tinyumba ta akachisi khumi tomangidwa ndi dothi, mitengo ndi udzu, timene UNESCO inatilemba m'kaundula wake mu 1980 chifukwa ndito tokha tatsala toonetsa mamangidwe amene Bowdich anaona. Kamodzi kali ku Besease pafupi ndi Ejisu. Kamakhala ndi bwalo pakati, zipinda zinayi zoyang'anana, ndi zipupa zozokotedwa mbalame, nyama ndi mizere yopotana. Nyumba yadothi imafuna kuzira chaka ndi chaka, ndipo mvula ndi chiswe sizidikira bajeti ya boma. Alendo ambiri amene amadandaula kuti kulibe zakale safikako n'komwe, ndipo ndalama yawo imene ikanathandiza wosamalira malowo imathera pa dziwe losambira la kuhotela. Sindikunena kuti makoma alibe ntchito. Mwana amafuna chinthu choti akhudze ndi dzanja. Ifenso tili ndi Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka, kumene kunali likulu la a Kalonga ndipo akatswiri ofukula zakale anapezako mikanda, mkuwa, minyanga ndi zidutswa za mbale zochokera ku China, koma ndi ana asukulu angati amene anapondapo? Kumasi anapulumuka chifukwa mwambo wake unali wamphamvu kuposa moto wa Wolseley. Si mzinda uliwonse ungadalire mwayi umenewo.

Wina anganenenso kuti ndikukometsa ufumu umene manja ake si oyera. Apanso sinditsutsa. Golide wa Asante sanali malonda awo okha. Ufumuwo unkagwira anthu pankhondo n'kuwagulitsa kwa azungu a m'malinga a m'mphepete mwa nyanja, ena n'kuwasunga ngati akapolo, ndipo pa maliro a mafumu anthu ankaphedwa kuti akaperekeze mbuye wawo. Angerezi anagwiritsa ntchito zimenezi ngati chifukwa cholowera ndi mfuti, pamene chimene ankafuna chinali malonda ndi ulamuliro, koma kunama kwa Angerezi sikufafaniza misozi ya anthu amene anagulitsidwa. Amene wapita ku Cape Coast ndi ku Elmina n'kulira m'zipinda zamdima mmene ankasungiramo akapolo, kenako n'kufika ku Kumasi n'kumangosirira mphete, waona theka la nkhani kawiri osailumikiza. Ndinaona kuti ofotokozera alendo amathamanga akafika pamenepa. Mlendo waulemu angathe kufunsa, ndipo ndikuganiza kuti ayenera kufunsa, mofatsa, panthawi yake, osati pakati pa bwalo. Ife a ku Malawi tili ndi Nkhotakota ndi a Jumbe, tili ndi mafumu amene anagulitsa anansi awo posinthana ndi nsalu ndi mfuti, ndiye funsolo sitikulifunsa ngati oyera mtima. Kulemekeza pakhomo pa munthu sikutanthauza kukhulupirira kuti makolo ake onse anali angelo.

Chimene chinandisautsa kwambiri chili m'makabati agalasi a ku Manhyia. Mu 2024, patatha zaka 150 chiotchedwere mzindawo, komanso mfumu ikukwanitsa zaka 25 pampando, zinthu 32 zachifumu zinabwera kuchokera ku London, 17 za ku Victoria and Albert Museum ndi 15 za ku British Museum. Pali lupanga laufumu, kaliwo wagolide, ndi timbale tagolide tovala pachifuwa atumiki amene ntchito yawo inali kuyeretsa mzimu wa mfumu. Zambiri mwa izo zinatengedwa pa nkhondo zomwe zija. Koma sizinabwezedwe. Zinabwerekedwa kwa zaka zitatu, ndi mwayi woonjezera zina zitatu, chifukwa malamulo a ku Britain, la 1963 ndi la 1983, saloleza nyumba ziwirizo kupereka katundu wake kwamuyaya. Chaka chomwecho Fowler Museum ya ku Los Angeles inabweza zinthu zisanu ndi ziwiri popanda mawu akuti mudzabweze, zomwe zikusonyeza kuti chinthucho n'chotheka pamene pali mtima.

Anthu ambiri ku Ghana anakwiya, ndipo ndikuwamvetsa. Munthu wakulanda mbuzi, ndiye patapita zaka akubwera nayo n'kunena kuti ndakubwereka, usaiwale tsiku lobweza. Kuvomera pangano lotero kumaoneka ngati kuvomereza kuti mbuziyo ndi yake. Komabe ine ndili kumbali ya mfumu imene inavomera. Malamulo a ku London sasintha mawa, ndipo pali nkhalamba za ku Kumasi zimene zinakula zikumva za lupanga limeneli m'nyimbo ndipo sizidzapeza chitupa chopitira ku Britain. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndinaona gogo wina ataima nthawi yaitali pamaso pa kabati imodzi, mdzukulu atamugwira dzanja, osayankhula kanthu, ndipo sindikuona amene akanakhala ndi ufulu womuuza kuti adikire mpaka nyumba ya malamulo ya dziko lina isinthe maganizo. Chimene ndikukana ndi mlendo kutuluka m'menemo akuyamikira kukoma mtima kwa obwereketsa. Awerenge kapepala kali pambali pa chinthucho, aone chaka chimene chinachoka, aone dzina la amene akutchedwa mwini wake lero, ndipo nkhaniyo akaifotokoze kwawo monga ilili.

Za ndalama nazo ndi za ulemu. Ku Bonwire amuna amaluka kente pa timakina tamitengo, kamzere kamodzi kopapatiza ngati chikhatho, ndiye timizereto amatisoka pamodzi kuti ikhale nsalu. Nsalu ya mwamuna wamkulu imatenga masabata, ndipo mtundu uliwonse wa kalukidwe uli ndi dzina ndi tanthauzo. UNESCO inavomereza luso limeneli mu 2024, monga inachitira ndi Gule Wamkulu wathu zaka zapitazo. Ku Ntonso amadinda pansalu zizindikiro za adinkra ndi zidindo zosemedwa pa chikho, utoto wake wophikidwa kuchokera ku khungwa la mtengo, ndipo ku Ahwiaa amasema mipando. Mumsika mwadzaza nsalu za m'fakitale zodindidwa maonekedwe a kente, zotchipa, ndipo palibe cholakwika kugula ngati ukudziwa chimene ukugula. Cholakwika ndi kupita kwa woluka, kumujambula kwa theka la ola, kumufunsa mafunso makumi awiri, kenako n'kumuuza kuti ku Kejetia nsalu yomweyo ili pa mtengo wochepa. Kunenerera ndi mwambo wa pamsika, ku Ghana ngati kwathu, koma pali malire amene munthu wodziwa thukuta la ntchito yamanja sadumpha. Alendo a ku Africa kuno timakonda kunena kuti ndife abale ndiye atichotsere. Ubale weniweni ukanatichititsa kulipira bwino kuposa mzungu.

Ndikamayenda m'misewu ya Kumasi ndinkakumbukira kuti Dr Hastings Kamuzu Banda anakhala mumzinda womwewu. Anachoka ku London mu 1953 n'kudzagwira ntchito ya udokotala ku Kumasi, anaona Ghana ikulandira ufulu mu 1957, ndipo anatera ku Chileka mu July 1958. Ana athu amaphunzira tsiku lofikalo, koma ndi ochepa amene angaloze pa mapu mzinda umene anakhalako pafupifupi zaka zisanu asanabwere. Tikapeza ndalama ya ulendo maso athu amathamangira ku Dubai, ku Johannesburg ndi ku London, ndipo mizinda ngati Kumasi timaisiyira ofufuza achizungu, kenako n'kumawerenga za iyo m'mabuku awo.

Mnzanga wa m'basi uja anafika Lachiwiri n'kunyamuka Lachinayi, sabata imene kunalibe Akwasidae. Sanafunse aliyense za kalendala asanagule tikiti. Sanaone Loweruka, tsiku limene mzinda umavala nsalu zakuda ndi zofiira chifukwa ndilo tsiku la maliro, ndipo maliro a Asante ndi msonkhano wa mtundu, wa ng'oma ndi magule ndi mizere ya anthu opereka chipepeso chimene chimalengezedwa poyera. Lupanga la Okomfo Anokye, lozikidwa pansi m'kati mwa mpanda wa chipatala chachikulu chotchedwa dzina lake, analiona kwa mphindi zisanu n'kunena kuti ndi kachitsulo chabe, osamva kuti eni ake amati tsiku limene lidzazulidwe mtundu wawo udzabalalika. Nyanja ya Bosomtwe, kumene amati mizimu ya akufa imakatsanzika, anangoimva dzina. Ndinamuuza kuti akadzabweranso adzayambe wafunsa tsiku, adzatenge malaya aulemu, adzaphunzire kunena medaase pothokoza, ndipo adzalole kukhala padzuwa maola atatu osadziwa kuti mfumu ituluka nthawi yanji. Anaseka n'kunena kuti tchuthi chake ndi chachifupi. Ndinamuyankha kuti ngati ndi choncho ndi bwino kusintha mwezi wa ulendo kusiyana ndi kufika pakhomo eni ake atatseka.

Tsiku la Akwasidae lija mwambo utatha, ndinatuluka pachipata kumbuyo kwa bambo wina wachikulire amene ndinamuona akuwerama pamaso pa mfumu. Anali atabweza kale nsalu paphewa, nkhwayira zili kumapazi. Foni yake inalira m'kati mwa nsalumo, anaitulutsa n'kuyankha mwa Chitwi, mawu ake okwera ngati munthu amene akukambirana za katundu wochedwa kufika. Anyamata awiri anadutsa atanyamula ambulera yopindidwa paphewa, wina ng'oma pamutu. Bamboyo anaimika minibasi, imene kumeneko amati trotro, kondakitala anamutsegulira kutsogolo, ndipo ananyamuka kulowera ku Kejetia.